Asilikali Amene Ndinakazinga M'chiwaya

Sekani, sekani ndithu mpaka mano aume. Iwe Fatsani ndakuona ukutsinzinira anzako. Mukuyesa kuti poti ine ndimakhala phee kumbuyo kwa kalasi, aphunzitsi akandiloza mawu n'kundithera pakhosi, ndiye kuti palibe chimene ndinachitapo pa dziko lino? Mvula iyi sikata msanga, tikhalitsa pa khonde la sitolo pano, ndiye tsamirani khoma mumve. Amene aone kuti ndikunama anene ndikamaliza, osati pakati, chifukwa ine mukandidula mawu ndimaiwala pamene ndinali.

Ine amene mukundionayu, woonda ngati bango, ndinalamulirapo gulu la nkhondo lalikulu kuposa anthu onse a mu Blantyre muno, kuphatikiza a ku Limbe, a ku Ndirande ndi aja amangobwera Loweruka kudzaoda katundu. Ndipo ndisanalilamulire gulu limenelo, ndinayamba ndalikazinga m'chiwaya. Mukumva? Inu mukuseka, ine zinanditulutsa misozi.

Chaka chatha nditasankhidwa kubwera ku sekondale kuno, ndinachoka kwathu ku Chiradzulu kudzakhala kwa azakhali anga ku Nancholi. Azakhaliwo amagulitsa m'sitolo ya amwenye ku Limbe, amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo kuseri kwa nyumba ali ndi kamunda kotsetsereka kokafika kumtsinje. Tsiku loyamba lenileni, chikwama ndisanamasule n'komwe, anandiimika m'mphepete mwa kamundako n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene, nyumba ino pakamwa pachuluka kale. Munda ndi uwu. Chimanga chikabereka ukhala, uphunzira. Chikakanika ubwerera kwa bambo ako ukawete mbuzi." Sanakalipe ayi, anangonena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kwatentha. Koma ine mbuzi za bambo ndimazidziwa bwino, ndipo ndimadziwanso kuti amene wayamba kuzitsatira kope saligwiranso.

Mvula yoyamba itagwa anandionetsa kadzalidwe kawo. Pakona pa mpanda pali dzala lakalekale pamene akhala akutayapo makoko a nthochi, masamba a nandolo, zitosi za nkhuku, zosesa za pabwalo, zaka ndi zaka, mpaka zonsezo zinasanduka dothi lakuda bii, lofewa, lonunkhira ngati bowa. Iwo phando lililonse amaponyamo dothi limenelo dzanja limodzi, kenako mbewu, n'kukwirira ndi phazi. Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani, anangoti mayi awo ankatero. Loweruka masana anadzala mizere ya kumtunda, ya kumunsi n'kundisiyira ine kuti ndimalize Lolemba ndikaweruka.

Tsono mlungu umenewo n'kuti tangophunzira kumene za tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, mukukumbukira inu, tsiku lija Fatsani anagona mpaka kudontheza dovu pa desiki. Ine phunziro limenelo linandilowa mpaka m'mafupa. Ndinkasamba m'manja kasanu ndisanagwire kapu, chitseko cha minibasi ndinkatsegula ndi chigongono, munthu akayetsemula ndinkadumphira tsidya lina la msewu. Ndiye Lolemba lija ndagwada pa dzala, ndatapa dothi, ndikuona nyongolotsi, tinthu toyera ngati ulusi, tina tothamanga tamiyendo yambirimbiri, ndinati abale, zonyansa izi tiziike m'chakudya chathu? Azakhali sanafike ku sekondale, sakudziwa, koma ine wophunzira ndilole zimenezi? Madzi timawiritsa kuti tizilombo tife. Nanga dothi lilekerenji?

Ndinatenga chiwaya chimene amakazingira mtedza, ndinasonkha moto, ndinakazinga dothi lija ndowa zisanu ndi ziwiri, chiwaya chimodzichimodzi, ndikutakasa ndi khasu, moto n'kundiwaula nsidze zonse ine osasiya, utsi unakwera mpaka anthu a ku Sunnyside anatseka mawindo n'kulowetsa agalu m'nyumba, galimoto yozimitsa moto inazungulira kawiri kufunafuna nyumba imene ikupsa, dothi linafiira psuu ngati njerwa, ndipo ndikukuuzani zoona, ndinamva kulira. Timawu ting'onoting'ono, tswii, tswii, tswii, ine n'kumati ndi chinyontho chikutuluka. Ndinaliziziritsa, n'kudzala nalo mizere yanga yonse, ndikudzitama mumtima kuti m'Nancholi monse munda waukhondo ndi wanga ndekha.

Chimanga chinamera bwinobwino mbali zonse ziwiri. Chitafika m'mawondo, zinabwera ntchemberezandonda. Ena a inu mumangozimvera pa wailesi. Ndi mbozi zimene zimabisala pamtima pa chimanga, paja masamba atsopano amapombana ngati fanelo, n'kumadya kuchokera mkati, moti tsamba pamene likutambasuka limakhala labooka kale ngati sefa. Koma za chaka chatha zinali za mtundu wina. Zinabwera pa mzere kuchokera kumtsinje, yotsogolera inali ngati mkono wangawu, mutu ngati chibakera, ili ndi chizindikiro pamphumi ngati chipewa cha wapolisi, kutafuna kwake kumamveka mpaka pa siteji, makondakitala kusiya kuitanira n'kumafunsana kuti chigayo chatsopanochi atsegula pati, ndipo ina inadya tsamba, n'kudya phesi, n'kukwera mtengo n'kudya chingwe choyanikapo zovala pamodzi ndi sokosi yanga imodzi, n'chifukwa chake teremu ija ndinkavala sokosi zosiyana, amene munkandiseka aja lero mwadziwa. Mukumva?

Koma chodabwitsa chenicheni sichinali kukula kwake. Chinali chakuti zinkasankha. Mizere ya azakhali kumtunda, tsamba lobooka apa, lina uko, basi, chimanga chili biriwiri. Mizere yanga kumunsi, nsanza zokhazokha. Munda umodzi, mbewu ya m'thumba limodzi, mvula imodzimodzi. Ndinaona ndi maso angawa mbozi ina itakwera pa chimanga cha azakhali, inaluma kamodzi, n'kukwinya nkhope, n'kulavula, n'kutsika, n'kuwoloka mzere kubwera kwanga ngati munthu amene walowa lesitilanti yolakwika. Ndinakhala pa malire pamenepo tsiku lonse ndikudzifunsa kuti kodi mbozi ili ndi lilime ngati lathu? Ikulawa chiyani kumtundako chimene kwanga kulibe? Ndinathyola tsamba la kumtunda ndi la kumunsi n'kutafuna onse awiri, ine sindinamve kusiyana, onse anali udzu basi.

Azakhali atabwera anaima pa malire pomwepo, manja m'chiuno, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, n'kundiyang'ana ine. Kenako ndinawamva pa mpanda akufunsa aneba ngati akudziwa munthu wopita ku Chiradzulu mwezi ukubwerawo.

Inu mukudziwa kuti kwa ine kukweza dzanja m'kalasi n'chimodzimodzi kunyamula thumba la simenti. Ndinazungulira ofesi ya aphunzitsi masiku atatu, ndikafika pa chitseko miyendo n'kumandipitiriza yokha. Tsiku lachinayi ndinawapeza a Mbewe, aphunzitsi athu a zaulimi aja, ali okha pansi pa mtengo akupopa njinga yawo. Ndinati, "Aphunzitsi, pali mnzanga wina ali ndi funso." Ndinafotokoza zonse za mnzangayo, za dzala, za chiwaya, za mizere ya kumtunda ndi ya kumunsi. Anasiya kupopa, anandiyang'ana pankhope, n'kufunsa kuti, "Mnzakoyo nayenso nsidze zake zikumera kumene ngati zakozi?"

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Koma sanaseke kwambiri. Anandikhazika pa muzu wa mtengo n'kundiuza zinthu zimene mpaka lero ndikamayenda ndimaziganizira. Anati si tizilombo tonse tili adani athu. M'dothi lamoyo muli mabakiteriya ena amene amakonda kukhala m'mbali mwa mizu, chimanga chimawapatsa timadzi totsekemera, iwo n'kumachimasulira chakudya cha m'nthaka chimene pachokha sichikanatha kuchitenga. Ena amakhala ngati akuchitsina chimangacho kumizu kuti chikhale tcheru, ndiye mbozi ikangoluma, tsamba limafulumira kupanga zowawa, n'kutulutsanso fungo limene ife sitilimva koma timavu tina ting'onoting'ono timalimva, n'kubwera kudzaikira mazira pa mbozizo. Ndipo ena, mbozi ikawameza pamodzi ndi tsamba, amaiwononga m'mimba. Anati zambiri ngakhale akatswiri akufufuzabe, si nthawi zonse pamene zimagwira, koma chimodzi n'chodziwikiratu, moto susankha. "Mnzakoyo," anatero akutsekera mpweya, "anakazinga asilikali ake nkhondo isanayambe."

Ndinafunsa ngati amene anatsala pa dzala angalole kubwera. Anati mnzangayo akayese, bola chimangacho mtima wake ukadali wamoyo.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba monyang'ama, poganiza kuti paliponse pamene ndaponda ndikuponda mudzi wathunthu, wokhala ndi ana ake, misika yake, mwina ndi sukulu zake. Tangoganizani, chinthu choti sichioneka, chilibe maso, chilibe pakamwa, koma chimatha kuuza chimanga kuti dzuka, adani afika. Chimalankhula chinenero chanji? Ndipo chimanga chimamvera kuti, poti makutu chilibe? Ndinadutsa pa geti pathu osazindikira mpaka ndinakafika kumtsinje.

Nditabwerera ndinapita pa dzala, ndinavula nsapato, ndinagwada, n'kupepesa. Ee, ndinapepesa, Fatsani. Iweyo utakazinga abale a anthu ungalowe bwanji pamudzi pawo osagwada? Ndinati akuluakulu, ndinalakwa, ndinali nditangophunzira theka la phunziro, theka linalo ndamva lero. Ndipo ine amene sinditha kuwerenga ndime imodzi m'kalasi osatuluka thukuta, pamenepo ndinalankhula ola lathunthu osapumira, ndinawauza za mbuzi za bambo dzina ndi dzina, ndinawauza kuti ndikufuna kudzafika fomu folo, ndinawalonjeza makoko onse a nthochi a m'Nancholi, ndipo ndili pakati polankhula dothi linayamba kufufuma ngati ufa wa mandasi wothira yisiti, n'kumatuluka kanthunzi, nkhuku zonse za pakhomo n'kuima mwendo umodzi kumvetsera. Ndinadziwa kuti andikhululukira.

Ndinatapa m'ndowa, ndowayo inkanjenjemera yokha m'manja, ndinasungunula ndi madzi a mvula a mu mgolo, osati a pampopi poti amenewo ali ndi mankhwala ndikanawaphanso asilikaliwo kachiwiri, ndinathira patsinde pa chimanga chilichonse, ndipo dothi lina ndinkatsina pang'onopang'ono n'kuika pamtima pobisala mbozi paja, mmera umodziumodzi, mizere yonse mpaka kumtsinje, msana unapindika moti mawa lake ndinabwera kusukulu ndikuyang'ana zala za kumapazi, aphunzitsi a masamu n'kumayesa ndi ulemu.

Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii, mbozi zikungotafuna zikundiyang'ana. Lachitatu ndinagona chafufumimba n'kuika khutu pansi, ndipo ndinamva mgugu, ngati sitima ya katundu ikamanyamuka pa Limbe, gu, gu, gu, akuguba pansi pa nthaka kuchoka phando lina kupita phando lina, ena akuitana mayina, ena akuimba, ndipo chimanga chinadzidzimuka ngati munthu wothiridwa madzi ozizira, masamba amene anali lende anaima njo, fungo lija amati munthu salimva ine ndinalimva, mphuno yanga ndi ya mtundu wina, linali ngati udzu wongotchetcha kumene wosakaniza ndi tsabola wa kambuzi, linakwera phiri la Soche n'kukatsikira kuseri, ndipo ola lisanathe kumwamba kunada, azimayi anathamangira kukaanula zovala poyesa mvula, koma anali mavu, a ku Soche, a ku Ndirande, a ku Mpingwe, a ku Michiru anafika mochedwa chifukwa cha mtunda n'kupepesa, onsewo n'kutera pa mizere yanga osaluma munthu ngakhale mmodzi, kupatula mwana wina amene anawagenda. Mukumva?

Mbozi zinaona kuti zavuta. Zina zinagwira m'mimba pomwepo n'kumagubuduka, zina mavu anazikhalira pamsana ngati akabaza, zotsala zinathawa, zinatuluka pa geti pa mzere, zinakwera mtunda mpaka kumsewu waukulu n'kuutseka, magalimoto anaima kuchokera kwathu mpaka m'tauni muno, anthu a m'maofesi anachita kutsika n'kuyenda wapansi atanyamula nsapato m'manja, ndipo yaikulu ija ya chizindikiro pamphumi inafika pa siteji n'kuimitsa minibasi ya ku Chikwawa, kondakitala n'kuiuza kuti akulu, muno timakhala anayianayi, pindani mchirawo, inapinda, inakhala pafupi ndi windo, ndipo pamene minibasi inkanyamuka inandiyang'ana ine n'kupukusa mutu. Mpaka lero sinabwerenso.

Ndiye chimanga chija chinayamba kubweza masiku onse amene chinadwala. Chinkakula ine ndikuchiona, ndikapachika juzi pa tsamba poyamba kupalira, pomaliza mzere ndinkachita kubwereka makwerero kuti ndiitsitse, ngaiyaye zake zinkakanda mitambo mvula n'kumagwa pa munda wathu wokha, ndege yopita ku Chileka inachita kukhota, ndipo chimanga chimodzi tinachithyola anthu anayi, mayi wina wootcha chimanga pamsewu anachiyeza pa mbaula zitatu zondondozana mchira n'kutsalabe panja, chitsononkho chake aneba anadulamo mipando iwiri, wina n'kutsala wa alendo.

Fatsani, usandiyang'ane choncho. Chabwino, ndegeyo mwina imakhota pamenepo masiku onse. Za minibasi zija ndinachita kumva kwa munthu. Koma khalani kaye, mvula sinakate, pali china chimene sindinauzepo aliyense, ndipo ndi chimene chimandizunguza mutu kuposa zonse.

Tsiku lina, chimanga changa chitayamba kuchira, ndinadzuka msanga kuposa masiku onse, kutangoyera kumene, kuti ndikamvetsere asilikali anga ndisanapite kusukulu. Ndinapeza m'mizere yanga muli munthu. Anali azakhali, atavala kale za kuntchito, chitenje pamwamba kuti mame asawanyowetse, atawerama, akutsegula mtima wa chimanga ndi zala, kutulutsa mbozi, kuitswanya, kupita pa china, kutsegula, kutulutsa, kutswanya. Zala zinali zobiriwira mpaka m'zikhadabo. Mmene manja ankathamangira, ndinadziwa kuti sikunali koyamba, ngakhale kachisanu. Ndinabisala kuseri kwa bafa ngati ndine ndagwidwa. Anamaliza mzere wa kumtsinje, anawongola msana pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, anasamba m'manja pa mgolo, n'kuthamangira minibasi osamwa ndi tiyi yemwe.

Zokolola sizinali zija zothyola anthu anayi. Mizere ya kumtunda inabereka bwino. Yanga inabereka mwapakatikati, zina zazifupi ngati chikhatho changachi, zina za mano otalikirana ngati a nkhalamba. Tsiku lotonola tinakhala pa khonde awiriwiri, ine ndikudikira chigamulo. Azakhali anatola chimodzi cha kumunsi, anachitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Buluku lako la sukulu lafupika. Ubwere nalo ndilitsitse, chaka chamawa ungamayende ngati kakowa." Basi. N'chifukwa chake lero ndili pa khonde pano ndi inu, osati kuthengo ndi mbuzi.

Ndiye mukandifunsa kuti ndi mbozi zingati zinafa ndi mabakiteriya, zingati ndi mavu, zingati ndi zala za azakhali, sindikudziwa, ndipo ndikufunitsitsa nditadziwa. Bakiteriya ine sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe. Chimene ndinaona n'chakuti kumene kunali dothi lamoyo mbozi zinkadya monyinyirika, kumene ndinakazinga zinkadya ngati pa ukwati, ndipo zimenezo ndingalumbire pamaso pa aliyense.

Azakhali sakudziwa kuti ndinawaona. Mpaka lero akaima pa mpanda amauza aneba, amauza a kutchalitchi, anauzanso abwana awo ku Limbe, kuti mwana wa achimwene awo anapulumutsa munda yekhayekha ndi sayansi ya kusukulu, iwo osagwirako ngakhale tsamba. Ndiye Fatsani, ngati pa nkhani imeneyi pali wabodza, tilipo awiri, ndipo wamkulu si ine.